Apongozi Anga ndi Kachipangizo Kobwereka

Nkhani iyi kunyumba kwathu sinenedwa. Mayi a Tadala akangoiyamba, ine ndimatuluka n'kukaima panja ngati ndikuona kumene kwaloza mitambo. Koma yandikhala pakhosi nthawi yaitali, ndiye bola ndiinene ndekha anthu ena asanaithire mchere wawo. Ndi nkhani ya mmene munthu wamkulu, wandevu zake, anathera miyezi itatu akuganiza zogula chinthu, n'kuchitaya m'mphindi ziwiri maso ali gwa.

Ine ndimakonda mabuku, ndipo matenda amenewa ndinayamba nawo ndili mwana ku Manja. Ndimagwira ntchito ya ukalaliki mu ofesi ina m'tauni mwa Blantyre. Nthawi ya nkhomaliro anzanga akamathamangira tchipisi, ine ndimakaima pa mavenda ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu, n'kumatembenuza masamba mpaka mwini wake kundifunsa ngati ndabwera kudzagula kapena kudzaphunzira. Vuto lake n'lakuti nyumba yathu ku Chitawira ndi yaing'ono. Mabuku ali m'makatoni pansi pa bedi, ndipo mphemvu zinatsegulamo sukulu yogonera komweko. Vuto lachiwiri, lalikulu kuposa mphemvu, ndi anthu. Kwathu kuno buku silibwerekedwa, limasamuka. Wina anabwereka buku langa la nkhani ya wapolisi wofufuza, patatha miyezi iwiri ndinagula zitumbuwa pamsika, n'kupeza zakulungidwa m'tsamba la buku lomwelo. Ndinalizindikira ndi mzere umene ndinadula ndekha ndi bolopeni yofiira. (Zitumbuwazo ndinadya ndithu, koma ndi mkwiyo.)

Ndiye kunabwera nkhani ya mayi Mulipa. Mayi amenewa timagwira ntchito ofesi imodzi, timapempheranso mpingo umodzi ku Chitawira, ngakhale kuti iwo anasamukira ku Nyambadwe kalekale. Mwana wawo wamkazi amene ali kunja anawatumizira kachipangizo kowerengera mabuku. Kwa amene simunakaonepo, n'kathabwa kopyapyala, kakulu pang'ono kuposa chikhatho, kopepuka ngati kope la mwana wa sitandade wani. Simungaimbire foni, simungaonere mpira, ntchito yake n'kuwerenga basi. Mkati mwake mwana uja anaikamo mabuku mazanamazana. Koma mayi Mulipa sawerenga china kupatula mauthenga a pa foni ndi makadi a ukwati, ndiye anati akagulitse. Mtengo wake unali pafupifupi theka la malipiro anga.

Abale inu, ndinavutika nako kachinthu kameneka ndisanakagwire n'komwe. M'mawa ndimadzuka ndatsimikiza kuti ndigula: kopanda mphemvu, kosadya malo, ndipo palibe woyandikana naye amene angabwere n'kuti, "Tandibwerekani kabuku kamodzi," chifukwa palibe choti ang'ambepo. Pofika masana ndasintha: nanga kakagwa pansi? Nanga m'minibasi akandipisa m'thumba? Nanga buku lopanda fungo la pepala ndi buku? Ndinafika polemba mndandanda kuseri kwa envulopu, mbali ino zabwino, mbali inayo zoipa, ndipo tsiku lililonse ndimaonjezera chimodzi uku, chimodzi uko, kuti mbali ina isadandaule. Mlonda wa pa geti ndinamufunsa maganizo. Mayi wogulitsa nthochi ndinamufunsanso.

Lolemba lina mayi Mulipa anafika pa desiki yanga n'kuika bokosi pamwamba pa mafayilo.

"Bambo inu mwanditopetsa," anatero. "Miyezi itatu mukungokanunkhiza ngati mukugula nsomba. Tengani, mukakhale nako sabata imodzi. Lolemba likudzali mubweretse chimodzi, kachipangizo kapena ndalama. Pali wina ku Limbe akukafuna, ndamuimitsa chifukwa cha inu."

Ndinakatenga. Masiku awiri oyamba ndinasangalala ngati mwana, kusanama. Ukakhudza kumanja tsamba latembenuka. Ukafuna zilembo zikuluzikulu, ungosisita ndi chala, zakula. Batire lake silimasuntha n'komwe, magetsi azime asazime. Koma pofika Lachitatu mutu unabwerera m'malo mwake. Tadala, mwana wathu, anali atatsala pang'ono kutsegulira sukulu, denga la kukhitchini limadontha, ndipo mabuku a pansi pa bedi sindinawamalize. Ndinagamula mlandu: sindigula. Kwa nthawi yoyamba m'miyezi itatu mtima wanga unakhala pansi. Ndinakapukuta bwinobwino ndi mpango, kukabwezera m'bokosi lake pamodzi ndi tchaja, n'kuika pamwamba pa wadirobu kudikira Lolemba.

Lachitatu lomwelo kunafika apongozi anga aamuna kuchokera ku Nsanje.

Ndiwafotokoze pang'ono kuti mumvetse mantha anga. Ndi mphunzitsi wopuma, wamtali, wowongoka ngati mzati, wovala jekete ngakhale dzuwa la kuchigwa likuwotcha mpaka abuluzi kubisala. Pa zaka khumi ndi ziwiri za banja lathu, mawu aatali kwambiri amene anandiyankhulapo anali akuti, "Mwaswera?" Sanandinyozepo ayi. Amangondiyang'ana mmene mphunzitsi amayang'anira mwana amene wakhoza mayeso moonera. Mwana wawo Rozina (ndiye mayi a Tadala amenewa) amafuna akwatiwe ndi dokotala kapena mphunzitsi mnzawo, osati kalaliki wa ku Manja. Ine ndikakhala pamaso pawo, manja anga sadziwa pokhala.

Anabwera kudzaonetsa maso kuchipatala. Lachinayi anapita ndi Rozina, n'kubwerako madzulo ali duu. Madokotala anawauza kuti pafunika opaleshoni, koma adikire miyezi ingapo, ndipo ngakhale itatheka asayembekezere kuti adzaona ngati kale. Anakhala pampando wa pabalaza, kutenga nyuzipepala, kuiyandikitsa pamphuno, kuitalikitsa, kenaka n'kuipinda n'kuika pambali. Anati abwerera kumudzi m'mawa mwake.

Titatha kudya, mayi a Tadala anayamba mwambo umene mukuudziwa nonse. Kholo likamabwerera kumudzi silipita chimanjamanja. Anayala mkeka patsogolo pa bambo awo, kugwada, n'kuyamba kupereka chimodzichimodzi. Shuga. Apongozi kuomba m'manja pang'ono, "Takhuta." (Ndiko kuthokoza kwa Chisena kumeneko.) Sopo. "Takhuta." Mafuta ophikira. "Takhuta." Masamba a tiyi. Pomalizira malaya oyera a manja aatali, akadali m'pepala lake.

Ine ndinali pa kampando pakona, ndipo zonsezi sindimaziona. Maso anga anali pa nyuzipepala yopindidwa ija. Mzimu wodzionetsera unandilowa. Ndinati lero madala awa aone kuti kalaliki nayenso amadziwa zinthu. Ndiwaonetse zilembo zokula zija, adabwe, ndibwezere pa wadirobu. Ndinalowa kuchipinda, kutsitsa bokosi, n'kutuluka nalo ndendende pamene malaya aja amatera pamkeka.

Tsopano tandiuzani inu. Apongozi mungawapatsire chinthu mutaimirira? Ndi dzanja limodzi? Ine ndinaleredwa. Ndinafika patsogolo pawo, kunjuta bwinobwino, bokosi m'manja awiri, mutu pansi, n'kunena mawu amene mpaka lero ndikawakumbukira ndimadziluma lilime.

"Bambo, palinso aka. Kangakuthandizeni maso."

Anatsegula bokosi. Ndinakayatsa, kutsegula buku lina lachingerezi, n'kusisita ndi chala mpaka zilembo zinakula ngati za pa chikwangwani cha golosale. Anakayandikitsa kumaso. Milomo inayamba kugwedera. Kenaka anayamba kuwerenga mokweza, chala chikutsata mzere, Chingerezi chija cha aphunzitsi akale chotchula chilembo chilichonse. Anawerenga tsamba lonse. Ine ndili chinjutire, mano onse pamtunda, kunyadira ngati ndinakapanga ndine.

Atamaliza anavula magalasi, kupukuta m'maso ndi chikhatho, n'kuika kachipangizo kaja pamwamba pa paketi ya shuga. Apo m'pamene ndinazindikira kuti akayesa mphatso. Anaomba m'manja, osati pang'ono ngati pa sopo paja, koma mwamphamvu, nthawi yaitali.

"Takhuta, mwana wanga. Takhuta."

Mwana wanga! Zaka khumi ndi ziwiri ndikudikira mawu amenewo, n'kubwera pa katundu wa mayi Mulipa.

Ndikudziwa zimene mukunena: bwanji sunayankhule pomwepo? Mpata unalipo, eya, waung'ono ngati wa chitseko cha minibasi ikunyamuka. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti, "Ayi bambo, ndimangokuonetsani." Koma apongozi anali atanena kale kuti, "Rozina, tiyeni tipemphere." Ndipo anapemphera. Anathokoza chifukwa cha shuga, sopo, mafuta ndi malaya mwachidule, kenaka n'kukhazikika pa ine. Anapempha Mulungu kuti adalitse dzanja la mkamwini wawo, abwezere pamene pachoka, amukweze pantchito. Ine diso limodzi linali lotsegula, likuyang'ana kachipangizo kali phee pa shuga. Mayi a Tadala anati "Ameni" mokweza. Inenso ndinati "Ameni," nanga ndikanatani? Chinthu chikapemphereredwa, chapita.

Ndinawatsatira mayi a Tadala kukhitchini akukatsuka mbale.

"Koma bambo a Tadala, ndinu wachinsinsi," anatero akumwetulira. "Osandiuza n'komwe kuti mwawagulira ababa?"

"Sindinagule!"

"Ndiye mwawapatsa cha eni?"

"Sindinawapatse. Ndimawaonetsa."

Anasiya mbale n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Kuonetsa mutanjuta? Ndi manja awiri? Chili m'bokosi? Pambuyo pa malaya?"

"Chonde, kawafotokozereni inu. Ndi bambo anu."

"Ine? Ndikawauze kuti abweze zimene apempherera kale? Ababa akulira misozi apo, mwawaona? Amene ananjuta ndi inu, bambo. Kanjuteninso mukalande."

Lachisanu m'mawa ndinadzuka ndi chiyembekezo chakuti mwina agonera nkhaniyi n'kuona okha kuti mphatso yake ndi yokulirapo. Ndinawapeza pakhonde atavala jekete, miyendo atasanjikiza, ali tsamba la makumi atatu. Anandiuza kuti ulendo ausintha. Anyamuka Lolemba, kuti ndiwaphunzitse kachipangizoko bwinobwino. Ku ofesi mayi Mulipa anandifunsa kuti kakuyenda bwanji. Ndinati kakuwerengedwa kwambiri. (Limeneli silinali bodza.)

Madzulo ake ndinayamba nkhondo yozizira. Ndinati ndiwaopseze mpaka akabweze okha.

"Bambo, vuto la tizinthu timeneti ndi magetsi. Kumudzi kuja mukavutika."

"Chiyambire dzulo batire silinasunthe," anayankha osadzutsa mutu. "Foni yanga imafuna kudya kawiri patsiku ngati mwana. Aka n'kodziletsa."

"Komanso kutentha. Akuti kakatenthedwa kamaonongeka. Nsanje paja mukuidziwa."

"Ndikasunga pansi pa mtsuko wa madzi. Pamazizira bwino."

"Nanga akuba?"

Apa anadzutsa mutu n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mwana wanga, ndaphunzitsa zaka makumi atatu kumeneko. Akuba onse a m'dera lathu anadutsa m'manja mwanga. Palibe ndi mmodzi yemwe amene angabe chinthu chowerenga."

Mayi a Tadala kukhitchini anatsamwa ndi chiseko, n'kunamizira utsi wa mbaula.

Loweruka ndinakwera minibasi ya ku Limbe ndi nzeru ina. Ndinati ndikapeze chinthu choti tisinthane. Mukudziwa Limbe Loweruka: anthu pikitipikiti, oitanira akukukoka malaya kuti upite ku Bangwe ngakhale ulibe wachibale kumeneko, mavenda ayala katundu mpaka pakati pa msewu. Ndinalowa sitolo iyi, kutuluka, kulowa iyo, thukuta kamukamu, mpaka ndinapeza galasi lokuza zilembo, lachogwirira chakuda. Ndinagulanso mabuku atatu akale a zilembo zazikulu. M'minibasi pobwerera ndimaloweza mawu anga. Ndikanena kuti, "Bambo, galasi ili silifuna batire, silifa, ndiye kachipangizoko kangotsala kuno ndizikusungirani." Mawu ake anali abwino ndithu, mpaka mayi amene ndinakhala naye pafupi anasuntha pang'ono poona ndikuyankhula ndekha.

Nditafika kunyumba ndinawapeza apongozi pamalo pomwe paja. Thupi langali, lopanda nzeru, linanjuta lokha. Manja awiri. Ndisanafike n'komwe pa mawu akuti "kangotsala kuno," iwo anali atalandira kale galasi, akuyang'anira mizere ya m'chikhatho chawo.

"Ili likawathandiza amayi anu polowetsa ulusi pa singano," anatero. "Mabukuwa ndikapatsa ana a sukulu. Koma inu, mwana wanga, mwaonjeza. Takhuta."

Galasi linapita. Mabuku atatu anapita. Ndalama ya minibasi inapita. Ndinakakhala kuseri kwa nyumba pa njerwa, kuyang'ana mpanda, n'kumadzifunsa kuti kodi kusukulu ndinkapitiranji.

Koma zonsezi zinali zoyamba chabe. Lamulungu tinapita kutchalitchi, ndipo apongozi ananyamula kachipangizo kaja m'thumba la jekete. Kumpingo kwathu, zolengeza zikatha, mlembi amati alendo aimirire apereke moni. Mlendo wanzeru amatchula dzina, kumene wachokera, n'kukhala pansi. Koma mphunzitsi wopuma ukamupatsa gulu la anthu okhala chete, wamubwezera ntchito. Apongozi anaimirira, kukonza jekete, kupereka moni wa abale a ku Nsanje, n'kunena kuti ali ndi umboni waufupi.

Ine ndinayamba kutsetsereka pa benchi.

Anafotokoza za maso awo. Anafotokoza za chipatala. Kenaka anapisa dzanja m'thumba n'kukakweza m'mwamba kuti ndi akumbuyo omwe aone.

"Ichi," anatero, "wandigulira ndi mkamwini wanga. Sindinamupemphe. Waona yekha kuvutika kwanga. Akamwini a masiku ano amadziwa kulandira kokha, koma uyu ndi wina. Taimirirani, mwana wanga, akuoneni."

Ndinaimirira. Anthu anaomba m'manja, amayi nthungululu. Ndipo mbali ya amayi, benchi yachitatu kuchokera kutsogolo, mutu wina wa duku lobiriwira unatembenuka pang'onopang'ono. Mayi Mulipa anayang'ana kachipangizo kali m'mwamba, kuyang'ana ine, kuyang'ananso kachipangizo. Sanaombe m'manja. Anangopinda manja pachifuwa n'kugwedeza mutu ngati munthu amene akumvetsera nyimbo yoidziwa. Ndikanakhala ndi khasu ndikanakumba pomwepo n'kulowa.

Potuluka abambo a mumpingo anandizungulira. Ena kundigwira chanza, ena kudandaula. "Aise, watiika m'mavuto," anatero wina. "Akazi athu amva zonse zija. Ukufuna tizigula chiyani ife?" Ndikuti ndizembe, ndinangoona duku lobiriwira laima kutsogolo kwanga pansi pa mtengo wa mango.

"Zikomo kwambiri, bambo wachifundo," anatero mayi Mulipa. "Ndiye kuti mwagula?"

Ndinaulula zonse, kuyambira pa shuga mpaka pa galasi la ku Limbe. Ndimayembekeza kuti akalipa. Iwo anaseka mpaka kugwira mtengo, misozi mbwembwembwe, anthu kumatiyang'ana. Atapezako mpweya anati, "Chabwino, ndakumverani chisoni. Ndikupatsani mpaka kutha kwa mwezi. Kabwere kosakalika, apo ayi ndalama. Koma mmene ndawaonera madala aja, yambani kusunga."

Kutha kwa mwezi kunali kutatsala masabata atatu, ndipo apa m'pamene inandifikira nzeru imene ndikuchita nayo manyazi kuposa zonse. Masana a tsiku lomwelo, apongozi akupuma, ndinatsegula chikwama chawo, kupeza bokosi lija, n'kuchotsamo tchaja. Ndinawerengera chonchi: mmene akuwerengeramu, batire litha pakatha masabata awiri. Kakazima adzaganiza kuti kaonongeka, adzakatumiza kuno kuti ndikakonzetse, ine ndidzakabweza kwa mwini wake, n'kuwauza iwo kuti amisiri alephera. Palibe wolira, palibe wochita manyazi. (Eya, ndikudziwa. Tsiku la Mulungu, nditangochoka kumene kuomberedwa m'manja m'tchalitchi, ndinabera nkhalamba yosaona bwino. Simukuyenera kundiuza.)

Lolemba m'mawa ndinawaperekeza pa siteji ya maminibasi a ku Nsanje ndisanapite kuntchito, chikwama chawo paphewa, tchaja m'thumba la buluku langa. Ndinawapezera mpando wakutsogolo. Minibasi inali isanadzaze, ndiye ndinaima pawindo kudikira, oitanira akukuwa, wogulitsa mazira owiritsa akutizungulira. Apongozi anali akuyang'ana kutsogolo. Kenaka anayamba kuyankhula, osandiyang'ana.

"Zaka zinayi tsopano ndimapempha ana a sukulu kuti andiwerengere. Ine amene ndinaphunzitsa makolo awo a, e, i, o, u. Amawerenga mothamanga, maso ali kubwalo la mpira, mizere ina kudumpha, akuganiza kuti sindikudziwa. Mapeto ake ndinayamba kunama kuti kuwerenga kunanditopetsa. Ngakhale amayi anu ndinawanamiza choncho. Lachinayi lija, dokotala atanena zake, ndinati basi, ine ndi buku tatsazikana. Ndimafuna ndingofika kumudzi ndikakhale pansi pa mtengo ndizidikira tsiku langa."

Anatembenuka n'kundigwira dzanja pawindo pomwepo. Apongozi anga, kundigwira dzanja!

"Ndinakuonerani m'munsi nthawi yaitali. Mundikhululukire."

Abale, tchaja ija inayamba kunditentha pantchafu ngati khala la moto. Ndinayesa kuganiza za denga lodontha. Ndinayesa kuganiza za mayi Mulipa ndi theka la malipiro anga. Sizinagwire. Ndinakwiya kwambiri, ndi iwo, ndi ine mwini, ndi mwana wa mayi Mulipa amene anatumiza chinthu chimenechi kuchokera kunja m'malo motumiza nsapato ngati ana a anzake. Kondakitala anamenya denga la minibasi kuti yadzaza. Ndinapisa dzanja m'thumba, kutulutsa tchaja ija, n'kuipereka pawindo.

"Bambo, iyi inatsalira kunyumba. Popanda iyi kakazima."

Anaiyandikitsa kumaso n'kuitembenuza.

"Oo, kachingwe. Musavutike mtima, ya foni yanga ikulowa bwinobwino, ndinayesa Loweruka. Koma bweretsani, ziwiri n'zabwino."

Minibasi inanyamuka n'kundisiya mu utsi, kukamwa kuli yasa. Tangoganizani. Ndinachimwa pachabe, ndinalapanso pachabe.

Nditafika ku ofesi ndinalunjika pa desiki ya mayi Mulipa n'kunena kuti ndigula. Anandiyang'ana n'kuti, "Ulendo uno mwaganiza msanga bwanji?" Ofesi yonse inaseka, chifukwa nkhani inali itafika kale ine ndisanafike. Mwezi utatha ndinalipira. Mwezi wotsatirawo ndinayenda wapansi kuchokera ku Chitawira mpaka m'tauni, kupita ndi kubwerera, n'kumauza anthu kuti adokotala anandilangiza masewera olimbitsa thupi. Denga la kukhitchini tinalitchinjiriza ndi beseni nyengo yonse ya mvula.

Phunziro lake ndimalidziwa pamtima, ndipo ndikupatsani ulere. Chinthu chobwereka musachionetse apongozi, ndipo mukati muwaonetse, dikirani mkeka wa mphatso upindidwe kaye. Koma musandifunse ngati ndinaphunziradi. Ndikakumbukira nkhope ija pawindo la minibasi, ndimafufuza pamene ndikanachitira mwina, osapapeza, ndipo zimenezo n'zimene zimandikwiyitsa kwambiri.

Masiku ano Lamulungu lililonse masana foni yanga imalira kamodzi n'kuduka. Ndi apongozi, akuflasha. Woimba ndine, mayunitsi ndi anga. Amandifotokozera buku limene amaliza sabata imeneyo, kuyambira pachiyambi mpaka wakupha atagwidwa, osasiyako ndi pang'ono pomwe poti ndidzadziwerengere ndekha. Sabata yathayi atamaliza anandifunsa kuti ine ndawerenga chiyani. Ndinati palibe, nthawi ikuchepa, komanso mabuku anga ambiri ali kwa anthu.

Ndinamva akupuma ngati mphunzitsi wokhumudwa.

"Muziwerenga, mwana wanga. Munthu wa m'tauni, wapantchito ngati inu, bwanji osagula kachipangizo ngati kangaka? Musamaumire pa zinthu zothandiza."

Ndinadula foni, n'kunamizira netiweki.